Kodi ndi kusintha kotani pa ebuild kumene kumafuna revision yatsopano, makamaka phukusi likakhala kale pa stable?

Gologolo

Moni nonse. Ndakhala ndikugwiritsa ntchito Gentoo, mtundu wa Linux umene maphukusi ake amamangidwa kuchokera ku source, kwa zaka zingapo, koma udindo wosamalira phukusi ndauyamba posachedwapa kudzera mu gulu la Proxy Maintainers, la anthu osamalira maphukusi koma opanda chilolezo cholowetsa okha ntchito yawo, ndipo pambali pake ndili ndi overlay yangayanga (nkhokwe yapadera ya maphukusi) imene imadyetsa makompyuta asanu ndi imodzi a ku ofesi kumene ndimagwira ntchito. Phukusi limene ndikulikamba ndi kapulogalamu kakang'ono kolembedwa mu C, kamene kamayenda chamseri usana ndi usiku n'kumayang'anira umoyo wa ma disk. Lili pa version 2.4, ndipo ebuild yake, fayilo ya malangizo omangira ndi kuika phukusi, ili kale ndi chizindikiro cha stable (choti inayesedwa) pa makompyuta a amd64.

Pali zinthu zinayi zimene ndikufuna kukonza, ndipo sindikudziwa kuti ndi ziti zimene zikufuna kuti ndipange revision yatsopano, kutanthauza kukweza nambala ya ebuild kukhala 2.4-r1. Choyamba n'chochepa kwambiri: mu DESCRIPTION muli liwu limene linalembedwa molakwika, ndipo HOMEPAGE ikadali pa http pamene tsambalo linasamukira ku https. Chachiwiri, phukusili likukana kumangika ndi GCC 14, pulogalamu yomangira source ya C, chifukwa penapake mu source muli function imene ikuitanidwa popanda kulengezedwa, ndipo ndalemba kale chigamba cha mzere umodzi chowonjezera header imene inasowa. Chachitatu, ndazindikira kuti pulogalamuyi imaitana smartctl pamene ikuyenda, koma smartmontools, phukusi limene muli smartctl, mulibe mu RDEPEND, mndandanda wa maphukusi ofunika pulogalamu ikamayenda. Chachinayi ndi init script ya OpenRC (fayilo yoyambitsa ndi kuimitsa pulogalamu), imene imaika fayilo ya pid pamalo olakwika, moti lamulo loimitsa pulogalamuyi siligwira ntchito bwinobwino.

Chimene chandichititsa kufunsa ndi vuto limene ndinadzipalira ndekha mwezi wathawu. Ndinakonza init script ija mu overlay yanga popanda kusintha nambala iliyonse, poganiza kuti n'kanthu kochepa. Kompyuta imodzi imene tinaikonza mwatsopano inatenga script yokonzedwayo, pamene zisanu zija zinatsala ndi yakale, koma zonse zisanu ndi imodzi zikafunsidwa zinkayankha kuti zili ndi 2.4. Ndinataya masiku awiri ndikufunafuna chifukwa chimene makina ofanana amachitira zinthu mosiyana, ndipo pomalizira ndinachita kukonza mafayilowo pamanja, kompyuta imodziimodzi. Komabe sindikufuna kugwera mbali inayo, yomakakamiza anthu kumanganso phukusi chifukwa cha chilembo chimodzi. Ndithandizeni kudziwa mmene inu mumaganizira musanasankhe.

Mpheta

A Gologolo, mwafunsa bwino, ndipo nkhani ya makompyuta anu aja yayankha kale theka la funso lanu. Ine ndikafika pa mphambano imeneyi sindiyang'ana kukula kwa zimene ndasintha, chifukwa kuwerenga mizere kumanamiza. Ndimaganizira anthu awiri: wina anaika phukusili dzulo ndisanasinthe kanthu, wina adzaliika mawa nditasintha. Ngati awiriwa adzakhale ndi zinthu zosiyana pa makina awo, ndipo kusiyanako kuli ndi kanthu pa mmene pulogalamu imayendera, ndiye kuti nambala iyenera kusiyananso. Revision ndi njira yokhayo imene muli nayo yolankhulira ndi kompyuta ya munthu wa dzulo uja, pakuti Portage, pulogalamu yoika maphukusi pa Gentoo, ikaona kuti version imene ili pa makina ndi yofanana ndi imene ili mu repository, ndipo USE (zosankha za mbali zimene ziyenera kumangidwa) sinasinthe, imangodutsa osacheuka.

Tiyenera kukumbukira chimene chimachitika phukusi likaikidwa. Portage imasunga chithunzi chake mu /var/db/pkg: mndandanda wa mafayilo amene anaikidwa, ma USE amene anagwiritsidwa ntchito, maphukusi amene limadalira, ngakhalenso kope la ebuild yeniyeniyo monga inalili tsiku limenelo. Mukasintha ebuild mu repository, chithunzi chija sichisintha chokha. Tikatenga zinthu zanu zinayi n'kuziyesa pa muyeso umenewu, zikugawika mosavuta, kupatulapo chimodzi chimene chili ndi msampha.

DESCRIPTION ndi HOMEPAGE konzani pomwepo, osasintha nambala. Palibe fayilo ya pulogalamu imene ikusintha, ndipo munthu wa dzulo sakutaya kanthu kalikonse.

Init script ikufuna revision, pamenepa palibe zokambirana, chifukwa ndi fayilo imene imaikidwa pa makina ndipo yakaleyo ili ndi vuto limene anthu akukhala nalo mpaka lero.

RDEPEND ikufunanso revision, ngakhale ena amatsutsa ponena kuti Portage ili ndi chizolowezi chowerenga zodalira kuchokera mu ebuild ya mu repository m'malo mwa chithunzi chija, chimene amachitcha dynamic deps. N'zoona kuti kawirikawiri imatero, koma si chinthu choti musamirepo. Ebuild ya 2.4 ikadzachotsedwa mu repository, Portage idzabwerera ku zimene inasunga, ndipo phukusi la binary limene linamangidwa kale limanyamula zodalira zake zakale. Tsono taganizirani munthu amene ali ndi smartmontools pa makina ake mwangozi chabe, chifukwa phukusi lina linaibweretsa. Tsiku limene adzachotse phukusi linalo n'kuyendetsa emerge --depclean, lamulo losesa maphukusi osafunikanso, smartmontools idzaoneka ngati yopanda mwini ndipo idzasesedwa. Ikanakhala laibulale yolumikizidwa ndi pulogalamu yanu, mwina Portage ikanaona kulumikizanako n'kuisunga, koma pulogalamu imene imangoitanidwa ndi dzina pa nthawi yoyenda ilibe chingwe chooneka chotere. Pulogalamu yanu idzasiya kuyang'anira ma disk mwakachetechete, ndipo mwini makina adzadziwa disk itafa kale.

Msampha uli pa chigamba cha GCC 14. Lamulo limene ambiri timaliloweza ndi lakuti kukonza vuto la kumanga sikufuna revision, ndipo maganizo ake ndi omveka: amene phukusi linamukanika alibe kanthu koti akonze pa makina ake, ndipo amene linamumangikira ali kale ndi chinthu cholondola. Zimenezi n'zoona pamene mwaiwala pkgconfig mu BDEPEND, mndandanda wa zofunika pomanga, mwachitsanzo. Koma vuto lanu ndi la mtundu wina. GCC 14, imene inatuluka mu 2024, inasandutsa kuitana function yosalengezedwa kukhala cholakwa choimitsa ntchito, pamene GCC 13 ndi zakale zinkangochenjeza n'kupitiriza. Popitiriza paja zinkaganiza kuti function imeneyo imabweza int, imene pa amd64 ndi ya ma bit 32. Ngati function yanuyo imabweza pointer, imene ndi ya ma bit 64, ndiye kuti aliyense amene anamanga ndi GCC 13 ali ndi pulogalamu imene imadula adiresi pakati, ndipo ikhoza kugwa tsiku lina popanda chifukwa chooneka. Apa munthu wa dzulo ali ndi chinthu chosiyana ndi cha munthu wa mawa, ngakhale chigambacho chili cha mzere umodzi. N'chifukwa chake pa ntchito yaikulu yokonzera maphukusi a Gentoo kuti agwirizane ndi C wamakono, chizolowezi chinali choti zigamba za mtundu umenewu zizipita ndi revision. Yang'anani kuti function yanuyo imabweza chiyani, koma ine ndikanakhala inu sindikanataya nthawi yambiri pamenepo, popeza -r1 ikufunika kale pa zifukwa zina ziwiri zija.

Nankabai

Ine ndimagwira ntchito kwambiri ndi Debian, mtundu wina wa Linux, choncho ndilankhula ngati mlendo pa bwalo la eni ake, koma mwina kuona mmene anansi amachitira kungathandize a Gologolo. Kwathu funso limeneli silibuka n'komwe m'njira imene lafunsidwira pano, chifukwa anthu salandira malangizo omangira, amalandira phukusi lomangidwa kale. Chilichonse chimene mwasintha, ngakhale chilembo chimodzi mu changelog, sichingafike kwa munthu popanda kutumiza phukusi latsopano, ndipo nkhokwe ya Debian siilandira nambala imodzi kawiri. Mbali ya nambala imene ili kumanja kwa kamzere, monga 2 mu 2.4-2, ndi ya Debian yokha, ndipo imakwera nthawi iliyonse. Ngakhale pamene source sinasinthe konse koma phukusi lamangidwanso kuti ligwirizane ndi laibulale yatsopano, nambala imalandira kamchira ka +b1. Zokonza zopita ku Debian 12, imene inatuluka mu June 2023, zimanyamula kamchira konga +deb12u1, kuti aliyense woona nambalayo adziwe kuti ndi ya nthambi yokhazikika ndiponso kuti yakonzedwa kangati. Arch ili ndi pkgrel, Fedora ili ndi Release, ndipo ports za FreeBSD, zimene zimafanana kwambiri ndi Gentoo pa nkhani yomanga kuchokera ku source, zili ndi PORTREVISION ndipo funso lanu lomweli amalimbana nalonso.

Ndikufuna kutsindika mawu a a Mpheta akuti kuwerenga mizere kumanamiza, chifukwa ife a Debian tinaphunzira zimenezi mowawa. Mu 2006 phukusi la Debian la OpenSSL, laibulale yopangira makiyi achitetezo, linasinthidwa pang'ono pofuna kuthetsa machenjezo amene Valgrind, pulogalamu yofufuza zolakwika, inkapereka. Zimene zinachotsedwa zinali zochepa kwambiri poziona ndi maso, koma zinapha mbali yaikulu ya njira imene OpenSSL inkapezera manambala osadziwikiratu, moti chimene chinatsala chosiyanitsa kiyi wina ndi mnzake chinali pafupifupi nambala ya process yokha, imene inkafika pa 32,768 basi. Vutoli linakhala osaonedwa mpaka mu May 2008, pamene Luciano Bello analitulukira, ndipo panthawiyo linali litalowa kale mu Debian etch komanso mu Ubuntu. Makiyi a SSH ndi a SSL amene anapangidwa pa makina amenewo kwa nthawi yonseyo anayenera kutayidwa. Nkhaniyi kawirikawiri imanenedwa ngati chenjezo pa kusintha source ya eni ake osaimvetsa, ndipo n'zoona, koma pali mbali ina imene ikukhudza funso la pano. Tsiku limene vutoli linadziwika, zinali zotheka kunena mwatchutchutchu kuti linayamba ndi 0.9.8c-1 ndipo pa etch lakonzedwa mu 0.9.8c-4etch3, moti woyang'anira seva aliyense ankangofunsa makina ake nambala n'kudziwa pamene waima. Zikanakhala kuti kusinthako kunalowa pansi pa nambala yakale, monga zinachitikira pa makompyuta a ku ofesi kwa a Gologolo, palibe akanatha kusiyanitsa makina odwala ndi abwino popanda kutsegula mafayilo amodziamodzi.

Chitsanzo china ndi cha xz, pulogalamu yopanikiza mafayilo, mu March 2024, pamene Andres Freund anatulukira khomo lachinsinsi limene linabisidwa mu 5.6.0 ndi 5.6.1. Debian inafuna kubwerera ku version yakale pa nthambi zake zoyesera, koma popeza makina sadzitsitsa okha kupita ku nambala yocheperapo, phukusi lokonzedwalo linatchedwa 5.6.1+really5.4.5-1, nambala yooneka yoseketsa koma yogwira ntchito yake. Arch inasankha njira ina: inasiya version pa 5.6.1, n'kumanga kuchokera ku git m'malo mwa tarball imene inali ndi poizoni, ndipo inakweza pkgrel kukhala 5.6.1-2. M'njira zonse ziwiri, kanambala ka kumapetoko ndi kamene kanafikitsa mankhwala pa makina a anthu.

Chiswamphika

Sindikutsutsa zimene akuluakulu anenazi pa phukusi la a Gologolo, koma ndikupempha kuti tisaiwale amene amalipira mtengo wa revision iliyonse. Kwa a Nankabai, nambala yatsopano imatanthauza kutsitsa fayilo n'kuiika, mphindi zochepa chabe. Pa Gentoo imatanthauza kumanganso, ndipo amene anayesapo kumanga Chromium, LibreOffice kapena qtwebengine pa laputopu yakale akudziwa kuti imeneyo ndi ntchito ya maola ambiri, nthawi zina usiku wonse. Kuno kwathu kumene magetsi amatha kuzima ntchitoyo ili pakatikati, -r1 yosafunikira pa phukusi lalikulu imapweteka zedi. N'zoona kuti kuyambira kumapeto kwa 2023 Gentoo imapereka maphukusi a binary, ndipo zathandiza, koma amagwira ntchito pokhapokha ngati ma USE anu akufanana ndi amene iwo anamangira, ndipo kuwatsitsa kumadyanso bandulo.

Choncho muyeso wa anthu awiri aja ndimaulandira, koma ndimawonjezapo funso lakuti ndi anthu angati amene akukhudzidwa, ndipo akukhudzidwa moipa bwanji. Ngati chimene chakonzedwa pa phukusi lalikulu ndi chilembo mu tsamba la man, n'zoona kuti fayilo yoikidwa yasintha, koma nzeru ndi kuchisunga mpaka version yotsatira kapena mpaka padzapezeke chifukwa china chokulirapo. Kuwonjezera kapena kuchotsa USE flag nakonso nthawi zambiri sikufuna revision, popeza --newuse ndi --changed-use zilipo kuti zigwire kusintha kwa mtundu umenewo, ndipo --changed-use imasiya pamtendere munthu amene flag yosinthayo sikumukhudza. Langizo langa kwa a Gologolo ndi lakuti amange zonse mtolo umodzi, atulutse -r1 imodzi m'malo momatulutsa revision mlungu uliwonse.

Gologolo

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana function ija, a Mpheta, ndipo ikubwezadi pointer, moti chigamba chimene ndinkachiyesa chongosangalatsa GCC chikukonza vuto lenileni. Tsopano ndamvetsa kuti -r1 ikufunika, koma mbali imene inali pamutu pa funso langa ikadalipo. Popeza 2.4 ili pa stable, kodi -r1 ilowe ndi amd64 monga ilili yakaleyo, kapena ibwerere ku ~amd64, chizindikiro cha zimene zikuyesedwabe? Ikabwerera, ndiye kuti anthu a stable, amene ndi omwe ndikufuna kuwathandiza, apitiriza kukhala ndi init script yolakwika kwa mwezi wina kapena kuposerapo. Ikalowa molunjika, ndikuopa kuwapatsa chinthu chimene ndachiyesa ndekha pa makina anga okha. Ndiponso sindikudziwa ngati ebuild yakale ndiichotse kapena ndiisiye.

Mpheta

Apa mwafika pa chimake cha nkhani, a Gologolo, chifukwa pali mafunso awiri amene anthu amawasakaniza. Loyamba ndi lakuti kodi munthu amene anaika kale ayenera kulandira kusinthaku, ndipo yankho lake ndi revision. Lachiwiri ndi lakuti kodi kusinthaku kungaswe kanthu, ndipo yankho lake ndi KEYWORDS, mzere wa ebuild umene pamalembedwa amd64 kapena ~amd64. Chinthu chikhoza kufuna revision koma osafuna kuyesedwa kwa nthawi yaitali, ndipo china chikhoza kuoneka chochepa koma n'kufuna zonse ziwiri.

Chizindikiro cha stable ndi lonjezo lakuti ebuild imeneyo, monga ilili, inayesedwa. Mukasintha mmene imamangira kapena zimene imaika, lonjezolo silisamukira lokha ku chinthu chatsopanocho. Njira yanthawi zonse ndi kukopera 2.4 kukhala 2.4-r1, kutsitsa KEYWORDS zonse kuti zikhale ndi ~, n'kusiya yakale pamalo pake. Yakaleyo musaichotse, chifukwa mukatero anthu a stable adzatsala opanda version imene makina awo akuloledwa kuika, ndipo phukusi lina lililonse la stable limene limadalira lanu lidzasweka pa mndandanda wa zodalira. Ikakhala pa ~amd64 kwa masiku pafupifupi 30 popanda dandaulo, mumatsegula pempho la stable pa Bugzilla, ndipo ikavomerezedwa m'pamene mumachotsa 2.4. Masiku 30 amenewo ndi chizolowezi osati khoma, moti pamene vuto la yakale ndi lalikulu, monga la chitetezo, pempho limatha kupita msanga bola mufotokoze chifukwa.

Njira yachiwiri ndi ya git mv, pamene mumangosintha dzina la fayilo kuchoka pa 2.4 kupita pa 2.4-r1, KEYWORDS n'kutsala monga zinalili. Imeneyi ndi ya kusintha kumene sikukhudza zomangidwa, ndipo RDEPEND yanu ndi chitsanzo chabwino: pulogalamu imene idzamangidwe ndi yomweyo, kungoti chithunzi cha mu /var/db/pkg chidzakhala ndi smartmontools. Chofunika n'chakuti phukusi limene mukuwonjezeralo likhale ndi version ya stable pa architecture iliyonse imene lanu lili pa stable, ndipo pkgcheck, pulogalamu yofufuza zolakwika mu ma ebuild, idzakudzudzulani ngati sizili choncho.

Pamenepa ndikusiyana pang'ono ndi a Chiswamphika. Mtolo umodzi ndi wabwino pa phukusi lalikulu, koma mukamanga zinthu pamodzi, chimene chili ndi chiopsezo chachikulu ndicho chimalamula liwiro la zonse, moti RDEPEND imene ikanafika kwa anthu lero idzadikira mwezi chifukwa cha init script. Phukusi lanu limamangika m'mphindi imodzi kapena ziwiri, choncho mtengo wa revision ziwiri ndi wochepa. Ine ndikanachita motere: git mv kupita ku -r1 ya stable yokhala ndi RDEPEND pamodzi ndi zilembo zija, kenako -r2 ya ~amd64 yokhala ndi chigamba ndi init script. Ena anganene kuti chigamba cha header chikhoza kulowa mu -r1 yomweyo, popeza pa makina a stable amene ali ndi GCC 14 phukusili silikumangika n'komwe, ndipo sindingawatsutse kwambiri, chifukwa kukweza revision ya chinthu chimene chikukana kumangika ndi kuitanira anthu ku cholakwa. Ndikaganizanso bwino, mfundo imeneyi ndi yamphamvu kuposa yanga yoyamba: ngati GCC 14 ndiyo imene anthu anu a stable ali nayo, chigambacho chiyenera kupita ndi -r1, ndipo init script yokha ndiyo idikire mu -r2. Popeza muli pa Proxy Maintainers, amene adzalowetse ntchito yanu ndi developer wokhala ndi chilolezo, choncho lembani maganizo amenewa momveka mu commit iliyonse kuti iye athe kuvomereza kapena kukubwezani ndi chifukwa.

Pali dzenje lina limene ambiri amagweramo ngakhale atachita zonsezi molondola. Init script yanu imakhala mu foda ya files, ndipo ebuild iliyonse imaitenga ndi dzina. Mukakonza fayiloyo pamalo pomwepo, ebuild ya stable nayonso idzayamba kuika script yatsopanoyo kwa aliyense womanga kuyambira tsiku limenelo, ndipo mudzakhala mutabwereza ndendende vuto la ku ofesi kwanu, koma tsopano pa makina a anthu osawadziwa. Ikopereni ku dzina latsopano lokhala ndi -r1 kumapeto, ebuild yatsopano yokha ndiyo iloze kumeneko, ndipo yakaleyo mudzaichotse limodzi ndi ebuild yomaliza imene imaigwiritsa ntchito. Maganizo omwewa amagwiranso pa eclass (fayilo ya malangizo imene ma ebuild angapo amagawana) ya mu overlay yanu ngati muli nayo, chifukwa kuisintha kumasintha ma ebuild onse amene amaitenga popanda nambala ya ngakhale imodzi kusuntha.

Chiswamphika

Pa phukusi la mphindi ziwiri ndavomera, a Mpheta, revision ziwiri sizipweteka munthu. Ndikungowonjezera kanthu kamodzi kamene a Gologolo angakumane nako m'tsogolo. Ngati pulogalamu yawo imalumikizidwa ndi laibulale imene ili ndi subslot (nambala imene imasintha pamene mapulogalamu olumikizidwa nayo akufunika kumangidwanso), aike := pa mzere wa laibulaleyo, njira imene inabwera ndi EAPI 5 (mtundu wa malamulo olembera ebuild) mu 2012, kuti laibulaleyo ikasintha soname, dzina limene mapulogalamu amaipezera, Portage izimanganso phukusi lawo yokha popanda iwo kukweza revision nthawi iliyonse. Koma kuwonjezera := komweko kumafuna revision, chifukwa subslot imene phukusi linamangidwa nayo imalembedwa mu /var/db/pkg pa nthawi yomanga, ndipo amene anaika kale alibe cholembedwa chimenecho. Ngati alipo malo otere mu ebuild yanu, a Gologolo, ndi bwino alowe mu -r1 yomweyi.

Gologolo

Ndachita monga mwalangizira. Revision yoyamba ili ndi RDEPEND, chigamba cha header ndi zilembo zija, ndipo ndapempha kuti itsale pa amd64 pofotokoza kuti 2.4 sikumangika ndi GCC 14. Yachiwiri ili pa ~amd64 ndi init script ya dzina latsopano. Laibulale yokhala ndi subslot palibe, a Chiswamphika, ndayang'ana. Mu overlay yanga ndaika -r2 pa makompyuta onse asanu ndi imodzi kuti akhale oyamba kuiyesa, ndipo ndapeza chinthu chimene sindinachiyembekezere: pa asanu aja amene ndinawakonza pamanja mwezi watha, Portage sinalembe pamwamba pa init script, koma inaika yatsopanoyo pambali ndi dzina loyamba ndi ._cfg0000_, chifukwa /etc ndi yotetezedwa ndipo inaona kuti fayiloyo inagwiridwa ndi munthu. Ndayendetsa dispatch-conf, lamulo lolowetsa mafayilo oikidwa pambali otere, pa awiri ndipo lamulo loimitsa pulogalamu likugwira ntchito, atatu otsalawo ndiwamaliza mawa m'mawa anzanga asanayambe ntchito.